KUKONZEKERA KUKWEZEDWA PA NCHITO ZA MAKOMPYUTA: MAU A MLENDO PA MSONKHANO WA PA CAKA

Lipoti la cuma litawerengedwa, ndipo a Komiti atsopano atasankhidwa, a Pampando anaimirira nadziwitsa msonkhano kuti Komiti inaitana mlendo, mwana wa m'boma lomwe lino, amene anagwira nchito zaka zambiri kunja m'makampani opanga mapulogalamu a makompyuta, nakwera kufikira pa udindo woyang'anira amisiri anzao. Anati Komiti inacita ici cifukwa ana ambiri a ziwalo za Bungwe alowa nchito zotere, ena m'mabanki ndi m'makampani a lamya m'dziko muno, ena ku Johannesburg ndi ku London, koma kudandaula kwa makolo ndi kumodzi, kuti mwana akhala pa mpando womwewo zaka ndi zaka, ndipo anzace olowa pambuyo pace ampitirira. Mau a mlendoyo alembedwa pano kuti ziwalo zimene sizinafike ziwerenge, ndi kuwatumizira ana ao.

Makwerero Awiri

Mlendo atapereka ulemu kwa mafumu, kwa a Pampando, ndi kwa amai ndi abambo onse, anayamba ndi kunena kuti munthu asanafunse za njira yokwerera, ayenera kuyamba wadziwa kumene afuna kufika. M'makampani akulu a makompyuta muli makwerero awiri oimikidwa pamodzi. Oyamba ndi a umisiri: munthu akhalabe pa nchito ya nzeru zace ndi manja ace, koma apatsidwa zinthu zobvuta koposa, ndipo mau ace amveka m'magulu ambiri, angakhale sayang'anira munthu ndi mmodzi yemwe. Aciwiri ndi a ukapitao: munthu aleka pang'ono pang'ono kulemba mapulogalamu, nayamba kugawa nchito, kulemba anthu atsopano, kuweruza milandu ya pa nchito, ndi kuyankha kwa akulu pa zonse zimene gulu lace lacita kapena lalephera kucita. M'makampani ambiri malipiro a makwerero awiriwa ayenda mofanana kufikira patali ndithu, kotero kuti munthu sayenera kufuna ukapitao cifukwa ca ndalama zokha.

Anakumbutsa msonkhano za buku lochedwa The Peter Principle, limene Laurence Peter ndi Raymond Hull anasindikiza m'caka ca 1969. Mfundo yace ndi yakuti munthu akwezedwa cifukwa wacita bwino pa nchito imene ali nayo, ndipo apitirira kukwezedwa kufikira afika pa nchito imene saitha, ndipo pomwepo ndi pamene akhazikika. Anati aliyense wa m'holomo adziwa mmisiri wa matabwa wodziwa kupala ndi kukhoma, amene ataikidwa ukapitao analanda nyundo m'manja mwa anyamata ace nayamba kukhoma yekha, ndipo nchito inacedwa, anyamata nakhala opanda cophunzira. Ofunsa mafunso a utsogoleri aopa cinthu comweci, ndipo mafunso ao onse alinga kudziwa ngati munthu wazindikira kuti nchito yatsopano ndi ya mtundu wina.

Pa mfundo imeneyi anachula Andy Grove, amene anathawa ku Hungary m'caka ca 1956 nadzakhala mtsogoleri wa kampani ya Intel. M'buku lace la 1983, High Output Management, iye anaphunzitsa kuti zokolola za woyang'anira ndizo zokolola za gulu lace, pamodzi ndi za magulu ena amene iye awathandiza. Anachulanso za kampani ya Google, imene m'caka ca 2002 inayesa kucotsa oyang'anira amisiri, poganiza kuti anthu anzeru safuna kapitao, koma inawabwezera patangopita miyezi yowerengeka. M'caka ca 2008 kampaniyo inayamba kafukufuku wochedwa Project Oxygen, nipeza makhalidwe asanu ndi atatu a woyang'anira wabwino. Loyamba linali kudziwa kuphunzitsa ndi kulangiza anthu ace. Luso la umisiri linali pa mapeto peni peni. M'caka ca 2018 anaonjezapo awiri, ndiwo kugwirizana ndi magulu ena ndi kudziwa kugamula zinthu molimba mtima.

Munda Ulimidwa Mvula Isanagwe

Mlendo anati colakwa ca ambiri ndi kuganiza kuti kukwezedwa kucitika pa tsiku la mafunso. M'makampani otere cizolowezi ndi cakuti munthu akwezedwa atayamba kale kugwira nchito ya udindo wapamwambawo kwa miyezi yambiri, ndipo akulu angobvomereza cimene caoneka kale. Ku Google, kwa zaka zambiri, mmisiri anali kulemba yekha mbiri ya nchito zace, anzace nalembanso umboni wao, ndipo komiti ya anthu osagwira naye nchito ndiyo inali kuweruza. M'caka ca 2022 anasintha njirayi napereka mphamvu yambiri kwa oyang'anira. Ku Amazon woyang'anira ndiye alemba cikalata copempha kuti munthu wace akwezedwe, nasonkhanitsa umboni wa ena. Njira zisiyana, koma zonse zifuna cinthu cimodzi, ndico umboni wolembedwa.

Cifukwa ca ici analangiza kuti mnyamata kapena mtsikana aliyense akhale ndi kabuku, ndipo Lacisanu liri lonse alembemo mizere yowerengeka: nchito imene watsiriza, bvuto limene wathetsa, munthu amene wamthandiza, ndi phindu limene kampani yapeza. Pamene pali ciwerengero, alembe ciwerengeroco tsiku lomwelo, pakuti patapita caka sadzacikumbukira, ndipo woyang'anira amene ali ndi anthu khumi sadzacikumbukira konse. Anati kabuku kotere kafanana ndi buku la Msungi wa Cuma wa Bungwe. Msungi angakhale wokhulupirika cotani, akafika pa msonkhano wopanda buku, ziwalo sizingamkhulupirire.

Caciwiri, munthu apite kwa womuyang'anira nthawi ikadalipo, miyezi isanu ndi umodzi kapena caka, namfunse mwaulemu koma mosabisa mau: kuti afike pa udindo wakuti, cimene cikusowa nciani? Makampani ambiri ali ndi cikalata cofotokoza zoyenera pa udindo uli wonse, ndipo ambiri a anchito sanaciwerenge ndi kale lomwe. Safunsa anadya phula. Akauzidwa cosowaco, apemphe nchito imene idzampatsa mwai wocionetsa, monga kuphunzitsa mmisiri watsopano, kapena kutsogolera nchito yokhudza magulu awiri.

Mafunsidwe a Masiku Ano

Atafika pa za tsiku lenileni la mafunso, mlendo anati kale makampani ena anali kukonda mafunso onga ndagi, monga kufunsa kuti timipira tingati tingadzaze ndege. M'caka ca 2013 Laszlo Bock, amene pa nthawiyo anali mkulu woona za anchito ku Google, anauza nyuzipepala ya New York Times kuti mafunso otere anapezeka opanda phindu. Akatswiri a maphunziro, monga Frank Schmidt ndi John Hunter m'caka ca 1998, ndi Paul Sackett ndi anzace m'caka ca 2022, anapeza kuti mafunso okonzedweratu, ofunsidwa mofanana kwa onse ndi kuweruzidwa ndi muyeso umodzi, ali pakati pa njira zodalirika koposa zodziwira amene adzagwira bwino nchito. Cotero lero wofunsa safuna kumva zimene munthu angacite. Afuna kumva zimene anacita, pa tsiku lakuti, ndi anthu akuti.

Anapereka citsanzo ca Amazon, kumene kuli malamulo a utsogoleri olembedwa, amene anali 14 kwa nthawi yaitali, nakhala 16 m'caka ca 2021. Wofuna nchito aonana ndi ofunsa angapo mmodzi mmodzi, aliyense kwa nthawi yonga ora limodzi, ndipo aliyense wapatsidwa malamulo awiri kapena atatu akuti afufuze. Pakati pao pali mmodzi wocokera ku gulu lina, wochedwa Bar Raiser, udindo umene unayamba m'caka ca 1999. Iye alibe cangu cakuti mpando udzazidwe, ndipo akakana munthu salembedwa. Pambuyo pace onse akhala pamodzi nafanizira zimene analemba. Munthu wokamba nkhani imodzi yomweyo kwa ofunsa onse adziwika pa msonkhano umenewo, ndipo wosintha mau ace adziwikanso.

Njira yoyankhira imene ambiri aphunzitsa aicha STAR, potenga zilembo zoyamba za mau anai a Cingerezi. Munthu ayambe ndi kufotokoza m'mene zinthu zinaliri. Anene udindo umene unali pa iye. Afotokoze zimene anacita. Atsirize ndi zotsatira zace. Mlendo anati ambiri ataya nthawi yao yonse pa mbali yoyamba, monga mboni pa bwalo imene iyamba ndi mbiri ya makolo, ndipo nthawi ikatha sanafike pa mlandu. Mbali ziwiri zoyamba zitenge mau ocepa. Yacitatu ndiyo itenge ambiri. Yacinai ikhale ndi ciwerengero ngati cilipo, ndi phunziro limene munthuyo anatolapo. Analangiza kukonzeratu nkhani zisanu ndi zitatu kapena khumi zocokera m'kabuku kaja, zosiyana mitundu, ndi kuzinena mokweza pamaso pa mnzace amene saopa kudula mau ndi kufunsa kuti, nanga cifukwa ninji?

"Ife" ndi "Ine"

Apa mlendo anaima pang'ono, nanena kuti sakadacita cilungamo akadabisa kuti iwo omwe analephera ulendo wao woyamba. Pa kampani ina imene anagwirako, makina olipirira anthu anali kuima pa kutha kwa mwezi uli wonse, ndipo iwo ndiwo anapeza gwero la bvutolo, nakopa magulu atatu osamvana kuti akhale pansi pamodzi, nakonza dongosolo limene linathetsa zonse. Koma atafunsidwa pamaso pa akulu anai, anayankha monga anaphunzitsidwira kwao: tinaona, tinakambirana, tinakonza. Mmodzi wa ofunsa anafunsa kawiri kuti, nanga inuyo munacita ciani? Iwo anaweramitsa mutu nayankha kuti inali nchito ya onse. Patapita sabata anauzidwa kuti komiti sinapeze umboni wakuti anatsogolera kanthu, ndipo udindowo unapatsidwa kwa wina. Anadikira caka cathunthu, ndipo caka cimeneco mlongo wao wamng'ono, amene anali kumlipirira sukulu, anakhala pa khomo.

Anati sanena ici ponyoza mwambo. Mwambo umene uphunzitsa mwana kuti mutu umodzi susenza denga ndi wabwino, ndipo ndiwo upanga atsogoleri amene anthu awakonda. Koma m'cipinda ca mafunso munthu ali ngati mboni, ndipo mboni yobisa zimene inacita yanama, monga momwe yanamira mboni yoonjeza. Kunena kuti "ine ndinapeza bvuto, mnzanga analemba pulogalamu, ndipo ine ndinaitana msonkhano" si kudzitama ai, koma kupatsa aliyense gawo lace. Wodzitama ndi amene alanda gawo la mnzace, ndipo ofunsa odziwa nchito amgwira msanga, pakuti akafunsidwa za tsatanetsatane asowa conena. Anatinso za maso: kwao mwana woleredwa bwino sayang'anitsitsa mkulu, koma m'maiko ambiri woyang'ana pansi ayesedwa wokayika kapena wobisa kanthu, ndipo wopita ku mafunso azolowere kuyang'ana womfunsa.

Mafunso Atatu Obvuta

Mlendo anati pali mafunso atatu amene wofuna utsogoleri sangawalewe. Loyamba ndi lakuti anene nthawi imene analakwa. Woyankha kuti sanalakwepo, kapena wochula kakang'ono kopanda pace, wagwa kale. Ayenera kuchula colakwa ceniceni cimene cinaononga kanthu, kubvomera gawo lace popanda kukankhira ena, kunena m'mene anadziwitsira akulu msanga, ndi cimene anasintha kuti cisacitikenso.

Laciwiri ndi lakuti anene nthawi imene anatsutsana ndi womuyang'anira. Ili libvuta ana a kuno koposa onse, pakuti aopa kuoneka amwano. Koma limodzi la malamulo a Amazon lifuna kuti munthu atsutse mwaulemu pamene aona colakwa, ndipo nkhani ikagamulidwa agwire nchitoyo ndi mtima wonse, angakhale maganizo ace sanatsatidwe. Anati ici si cacilendo kwa mafumu amene anali m'holomo: nduna yabwino iuza mfumu zoona m'nyumba, ndipo mlandu ukagamulidwa pa bwalo siipita m'mudzi kukang'ung'udza. Nduna yongobvomera zonse ndiyo igwetsa mfumu.

Lacitatu ndi la munthu wa pansi pace amene nchito yamkanika. Ofunsa afuna kumva kuti analankhula naye msanga ndi pa yekha, namuuza poyera cimene cikusowa, namthandiza ndi kumpatsa nthawi, ndipo zitakanika sanazengereze kucita cofunika, pakuti kulekerera mmodzi ndi kusenzetsa katundu anzace onse. Anakumbutsa kuti m'mwezi wa Januwale 2023 Google inalengeza kucotsa anchito 12,000, ndipo Microsoft 10,000, ndipo oyang'anira otsala ndiwo anayenera kuyang'ana m'maso mwa anthu ao ogwidwa ndi mantha ndi kugawanso nchito ya ocotsedwa. Walira mvula walira matope. Amene sangapirire tsiku lotere asankhe makwerero a umisiri, ndipo palibe manyazi pamenepo.

Potsiriza anati pamene ofunsa apereka mpata wakuti nayenso afunse, munthu asanene kuti alibe funso. Afunse za bvuto lalikulu la gululo, ndi za cimene cidzaonetsa pa kutha kwa caka kuti wacita bwino. Za malipiro adikire kufikira udindo utaperekedwa.

Mafunso a Ziwalo

Bambo wina wacikulire anafunsa ngati si zoona kuti pali ponse akwera ndi amene ali ndi mbale wace pamwamba, kapena amene anayenda usiku kukafuna mankhwala. Msonkhano unaseka, koma mlendo anayankha mosaseka, kuti tsankho lilipo ndipo sangalikane, makamaka pamene munthu mmodzi agamula yekha. Ndico cifukwa cace makampani aika makomiti ndi kufuna zolembedwa, kuti wokondera acite manyazi pamaso pa anzace. Anati kudziwika ndi akulu cifukwa ca nchito yabwino si cinyengo, ndipo nkofunika, pakuti pa msonkhano wogamula mwini wace sakhalapo, ndipo pafunika wina womlankhulira. Za mankhwala anati sanaonepo oposa kabuku ka Lacisanu.

Mai wina anafunsa za mwana wace wamkazi, amene ali yekha pakati pa amuna, ndipo apatsidwa nchito zolemba mau a misonkhano ndi kukonza maphwando. Mlendo anati nchito zotere zithandiza gulu koma kawirikawiri siziwerengedwa pa kukwezedwa. Mtsikanayo apemphe kuti zizigawidwa mosinthana, ndipo afunse womuyang'anira kuti ndi nchito ziti zimene komiti iziwerengera, nazipemphe zimenezo.

Mnyamata wina anafunsa ngati nkololedwa kukonzekera ndi ChatGPT, imene inaturuka mu Novembala 2022. Mlendo anati makina otere athandiza pofunsa munthu mafunso oyeserera ndi pomuonetsa pamene walankhula motalikitsa, koma sadziwa cimene cinacitika pa nchito yace. Yankho lobwereka litha pa funso laciwiri, ndipo kuwerenga mayankho a makina mobisa pa nthawi ya mafunso ndi kuba mayeso.

Mphunzitsi wina anafunsa cimene munthu ayenera kucita akakanidwa. Mlendo anati asasiye nchito ndi mkwiyo, koma apemphe zifukwa, azilembe, nagwirizane ndi womuyang'anira za nthawi yoyesanso. Anachula Satya Nadella, amene analowa ku Microsoft m'caka ca 1992 nakhala mkulu wa kampani yonse mu 2014, ndi Andy Jassy, amene analowa ku Amazon mu 1997 nafika pa mpando wotere mu 2021. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma anaonjeza kuti munthu akacita zonse zimene anauzidwa, ndipo zifukwa zisintha ulendo uli wonse, adziwe kuti khomo limenelo ndi lotseka, natenge kabuku kace kukagogoda kwina.

Kuthokoza

Wotsatira a Pampando anathokoza mlendo m'malo mwa Bungwe, makamaka cifukwa cosabisa kulephera kwao pamaso pa anthu a kwao, cinthu cimene akulu ambiri sacita. Msonkhano unabvomereza kuti Komiti isankhe ziwalo zitatu zimene zinakhalapo pa mipando yolemba anthu nchito, kuti ziziyesa mafunso anyamata ndi atsikana a m'boma lino asanapite ku mafunso enieni, ndipo ofuna thandizoli apereke maina ao kwa Mlembi. Mlendo analonjeza kuwerenga zikalata za ofuna kukwezedwa zimene Mlembi adzawatumizira. Pambuyo pace msonkhano unatsekedwa ndi pemphero.